Palafini pa Wilo la Malume

Ndikukumbukira mtengo wa mango umene unali kuseri kwa msika wa kwathu ku Karonga, ndi bambo amene ankakonza njinga pansi pake. Dzina lawo linali a Matiyasi. Dzina lachiwiri sindikulidziwa, ndipo kusalidziwako ndiko kwandikhazika pansi kuti ndilembe izi. Ndinawalakwira bambo amenewo ndili mu Sitandade 5, ndipo mpaka lero, mutu uli mbuu ndi imvi, sindinawapepese.

A Matiyasi anali a kumwera, mbali za ku Mulanje. Anabwera kwathu ndi gulu la anthu okumba ngalande za mpunga ku Wovwe. Ntchito itatha anzawo anabwerera, iwo anatsala ndi bokosi la masipanala. Anthu ankangowatchula kuti Mchewa uja, ngakhale iwo ankanena mobwerezabwereza kuti ndi Mlomwe. Kwa ife aliyense wolankhula Chichewa chosapunthwa anali Mchewa, nkhani n'kuthera pomwepo. Anali aafupi, a dazi, ndipo chala chawo chachikulu cha kumanja chinali chophwathalala ngati supuni chifukwa chokankha matayala. Chinkhonde chawo chinali chomvetsa chisoni. Ankatha kupereka moni wa m'mawa dzuwa lili paliwombo, amayi a pamsika n'kumafa nako kuseka, iwonso n'kumaseka nawo osadziwa cholakwika.

Amayi anga ankagulitsa mawese pamsikapo, mafuta ofiira a kanjedza amene kwathu timathira ku ndiwo ndi ku nthochi. Ndiye ndikaweruka kusukulu ndinkapita kumeneko, ndipo m'malo mothandiza amayi kutsuka mabotolo ndinkazembera kuseri kukaonerera njinga.

Chaka chimenecho malume anga a Gwakisa, mlongo wawo wa amayi, anabwerako ku migodi ya ku Zambia. Anzawo ankabwera ndi wailesi, mashini osokera, ena malata. Iwo anabwera ndi njinga, nayonso njinga yake yoti munthu ukaiona umayamba wafunsa ngati ikudwala. Yowonda, yopanda keliyala, yopanda madigadi, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Amayi ataiona anaizungulira kawiri, manja ali m'chiuno.

"Zaka zinayi pansi pa nthaka, Gwakisa, n'kubwera ndi mafupa a njinga? Imeneyi inganyamule mkoko wa nthochi?"

Sikananyamula ngakhale nthochi imodzi. Koma kuthamanga kokha, abale inu! Malume akawerama pamenepo, tinkangomva fyuu, nkhuku zili balala, iwo apita kale.

Vuto la njinga imeneyi linali matayala. Sanali ngati a njinga zathu zija, oti umalowetsa chitsulo m'mbali, kutembenuza, chubu n'kutuluka. Awa anali aang'ono ngati chala, ndipo chubu chinali chosokereredwa m'kati mwenimweni, tayala lonse lili ngati thumbo limodzi lozungulira. Pa msokowo panali pomatidwa kansalu koyera. Limu yake inalibe milomo yogwira tayala, inali kangalande kosaya chabe. Chogwira tayala pa limu chinali guluu basi. Moyo wa munthu pa liwiro lonse lija unkadalira guluu wa m'kachitini kakang'ono kamene malume ankachita kuitanitsa kwa amalonda odutsa pa Songwe.

Okonza njinga ena onse anaikana. Wina anafuna kulimanga tayalalo ndi mawaya. A Matiyasi okha ataiona anaseka, n'kupukuta manja pa kabudula asanaigwire. Anati ali mnyamata ankagwira ntchito kwa mzungu wina ku Limbe amene anali ndi yotereyi, ndipo sankayembekeza kuti adzaionanso. Kuyambira tsiku limenelo iwo ndi malume anakhala ngati a mimba imodzi. Ankadyera mbale imodzi pansi pa mango paja, malume akuphwanya Chichewa, a Matiyasi akuphwanya Chinkhonde, koma akumvana.

Kumata tayala limodzi inali ntchito ya masiku anayi, ndipo ndikutha kuiona yonse ngakhale nditatsinzina. Tayala latsopano ankayamba alikoka, phazi lili m'kati, manja akukokera m'mwamba, kenaka n'kuliveka pa limu yakale yopanda guluu kuti ligone pamenepo lizolowere. Limu yeniyeni ankaipala ndi chibenthu cha botolo kuchotsa zibuma za guluu wakale. Akatero ankatenga mswachi wotha ntchito, n'kupaka guluu pang'onopang'ono, wopyapyala, pa limu ndi pa kansalu koyera kaja. Ankapachika wilo pa nthambi kuti liume mpaka mawa, mawa n'kupakanso. Malume ankapsa mtima ndi kuchedwaku, koma a Matiyasi ankangoti guluu samva changu. Tsiku loveka likafika ankavula nsapato, kuimika wilo pa thabwa, kulowetsa valavu poyamba, n'kumatsika ndi tayala mbali zonse ziwiri, akulikoka, misempha ya m'khosi ili njo. Pomaliza ankaligwira wilolo ndi zala za kuphazi, n'kukankha ndi chala chawo cha supuni chija mpaka tayala litati pho. Ankapopa pang'ono, kulizunguza pafupi ndi diso kuona ngati lakhota, kuliwongola, kenaka kupopa kolimba. Zikatha, manja awo ankakhala nyatanyata, ndipo ankawatsuka ndi kansanza konyowa ndi palafini. Guluu ankangosungunuka, manja n'kuyera. Chimenecho ndinachiona nthawi zambiri, ndipo ndinachisunga m'mutu.

Ine ndinalowa m'nkhaniyi chifukwa cha singano. Misewu yathu inali ya fumbi ndi minga, ndipo matayala a malume anali atatu okha. Likaphwa, pankafunika kumatula kansalu, kudula ulusi pamalo pobookapo, kusolola chubu pang'ono, kumata chigamba, kuwaza ufa wa chinangwa kuti chisakakamire, n'kusokanso. Kusokako ndiko kunkawavuta a Matiyasi, chifukwa maso awo anali atayamba kuchita chidima ndipo singano inkafunika kudutsa m'timabowo takale tomwe tija. Ukaboola patsopano tayala limakhota, ukalowetsa kwambiri wabaya chubu. Tsiku lina nditawaona akuvutika ndinati ndiyeseko. Kusukulu ndinali katswiri wa zosokasoka, aphunzitsi ankayendetsa nsalu yanga m'kalasi monse. A Matiyasi anandipatsa singano yawo yokhota ndi ulusi wopaka phula la njuchi. Nditamaliza anauyang'ana msokowo nthawi yaitali, n'kuitana malume.

"A Gwakisa, bwerani muone. Tapeza dokotala. Tumpale ndiye azisoka, ife tizingomata."

Mawu amenewo anandilowa m'mutu ngati mowa. Mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, woti njinga sankaloledwa n'kukwera komwe, akutchedwa dokotala pamaso pa amuna! Ndinayamba kuyenda ngati njingayo ndi yanga. Ndinali ndi matama, ndisaname, ndipo matamawo ndiwo anandipweteketsa.

Nthawi imeneyo chikondwerero cha ufulu chikayandikira, boma lonse linkatekeseka. Nyumba kuzira, misewu kulambula, miyala kupaka laimu, ana asukulu kuyeserera nyimbo mpaka mawu kusasa. Chaka chimenecho kunalinso mpikisano wa njinga, ndipo wopambana ankayenera kupita ku Mzuzu kukapikisana ndi a maboma ena. Malume sankagwira ntchito chibwerereni ku Zambia, ndipo ankakhulupirira kuti akakaonekera kumeneko mwayi wina udzatseguka. Woti n'kuwaopseza anali mmodzi yekha, kalaliki wina wochokera ku Zomba amene anali ndi njinga yopepukirapo. Nayenso masipoko ake ankamangitsa kwa a Matiyasi, monga ankachitira aliyense.

Sabata ya mpikisano tayala la kutsogolo linaphwa. Ndinalisoka ine, a Matiyasi n'kulimata, ndipo analiveka Lachinayi kuti pofika Loweruka likhale litagwira. Lachisanu masana onse opikisana anaitanidwa kukalembetsa mayina ndi kuonetsa makadi a chipani, ndipo a Matiyasi anaperekeza malume. Anandisiya pansi pa mango paja. Anati dzuwa likapendeka nditsitse wilo pa nthambi, ndiliike m'chiguduli, ndikalisiye m'kachisakasa kawo kosungiramo zida.

Nditalitsitsa ndinaliyang'ana, ndipo linandinyansa. Guluu anali atatuluka m'mbali monse, wabulauni, atayenderera pa limu ngati mamina a mwana, fumbi litakakamira pamenepo. Boma lonse likuwala, miyala yomwe yapakidwa laimu, ndiye malume anga akaonekere pamaso pa akuluakulu ndi wilo lauve chonchi? Ndinati ayi, dokotala alipo. Ndinatenga botolo la palafini la a Matiyasi ndi kansanza kawo, n'kuyamba kupukuta. Guluu anayamba kuchoka bwinobwino. Koma ndikapukuta apa, wina ankatulukanso pansi pa tayala, ndiye ndinkathira palafini wina. Kenaka ndinasiya za kansanza, ndinayamba kuthira kuchokera m'botolo, m'kampata ka pakati pa tayala ndi limu, n'kumakolokosa ndi nthenga ya nkhuku kuti ndifike m'kati. Ndinazungulira wilo lonse, mbali zonse ziwiri, mosamala ngati mmene ndinkasokera. Botolo linatsika kufika pakati. Pomaliza ndinathamangira kwa amayi, n'kuba mawese pang'ono m'chivundikiro, n'kudzoza limu ndi m'mbali mwa tayala. Linawala wilo limenelo, waliwali, ndinadziona nkhope. Ndinaliika m'chiguduli ndikuimba.

Loweruka m'mawa pansi pa mango panali mzere wa njinga, aliyense akufuna a Matiyasi amupopere kapena amumangire buleki, moti analibe mpata woyang'ana china. Malume anatulutsa okha wilo m'chiguduli, n'kulimanga pa njinga. Ataona kuwalako analiza mluzu.

"Waona, Tumpale? Mchewa uyu amadziwa ntchito. Wachita kulidzoza ngati mkwatibwi."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Ndinati ndiwauza akapambana, pamaso pa anthu onse, kuti adziwe kuti dokotala sasoka kokha.

Ife ana asukulu anatindandalika m'mbali mwa msewu ndi timbendera, pafupi ndi pokhotera kumsika. Kunatentha molawirira tsiku limenelo. Opikisana anapita kutali, n'kutembenuka, ndipo pobwerera tinaona kadontho kamodzi patsogolo pa fumbi lonse. Anali malume, atawerama, malaya akupepeluka, kalaliki uja ali kutali kumbuyo. Ndinakuwa mpaka kummero kuwawa. Atafika pokhota paja anapendeketsa njinga monga ankachitira masiku onse. Ndinaona ndi maso angawa tayala la kutsogolo likuvuka pa limu, ngati munthu akuvula sokosi. Chitsulo chinakhula pansi, njinga inaima chadodolido, malume anauluka n'kukagwera pa miyala yopaka laimu ija.

Anathyoka fupa la paphewa, mano awiri a kutsogolo anatsala pamiyalapo, ndipo dzanja la kumanzere silinawongokenso bwino moyo wawo wonse. Kalaliki uja anadutsa n'kukapambana.

Anthu atatola njinga anapeza tayala likulendewera, ndipo kansalu kaja sikanalinso koyera. Kanali psuu, konyowa, koterera, guluu atasanduka phala lofiira la fungo lachilendo. Mayi wina anakuwa kuti ndi magazi. Bambo wina ananunkhiza n'kulavula, n'kunena kuti awa ndi mankhwala. Pofika madzulo nkhani inali itamera miyendo. Wagwira wilo ndani? Mchewa. Wapambana ndani? Mchewa mnzake. Njinga ya wopambanayo wamanga ndani? Anthu omwe aja ankaseka moni wa a Matiyasi anayamba kukumbukira zinthu: kuti amadzuka molawirira kwambiri, kuti alibe mkazi, kuti m'bokosi mwawo muli timabotolo. Amayi anga, amene mawese awo ndiwo anafiiritsa kansaluko, ndiwo ankalalata koposa onse.

Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinangoti zii. Tsiku loyamba ndinaopa mkwapulo wa amayi. Tsiku lachiwiri ndinaona nkhope ya malume kuchipatala, yotupa, milomo yosokedwa, ndipo mawu anandithawa. Tsiku lachitatu bodza linali litakula kundiposa, ndipo ndinkaona ngati ndikayankhula mudzi wonse unditembenukira ine. A Matiyasi anapita kuchipatala ndi nthochi zakupsa, malume anatembenukira kukhoma. Pansi pa mango panauma, ngakhale wofuna kupopa sankabweranso. Kenaka mkulu wina wa chipani wa m'dera lathu anawayendera, n'kuwauza kuti munthu wochita zamankhwala pa tsiku la chikondwerero sakunyoza a Gwakisa okha, akunyoza tsikulo. Amene munakhalako zaka zimenezo mukudziwa kulemera kwa mawu otere. Munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo.

Patapita sabata ziwiri amayi anandituma kukataya madzi kuseri kwa msika, ndipo ndinawapeza a Matiyasi akumanga bokosi lawo ndi chingwe. Ndinafuna kuthawa, koma anali atandiona kale. Anandiitana ndi dzanja. Botolo la palafini lija linali pa thabwa, pakati pathu, lidakali pakati pomwe ndinalisiyira. Sanaliloze, koma tonse tinkaliyang'ana.

"Palafini ndi wa m'manja, mwana wanga, si wa pa limu," anatero motsitsa mawu. "Ndinakuphunzitsa kusoka, ndinaiwala kukuuza chimenecho. Kulakwa n'kwanga."

Ndinalira ngati mwana wa chaka chimodzi. Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere. Anati mlendo akaloza mwana wa eni mudzi, ndani angamumvere? Ndipo akamumvera, mwanayo adzakhala bwanji pakhomo pamene malume ake alibe mano? Anapisa m'thumba, n'kundipatsa singano yokhota ija, itabayidwa pa kachikopa.

"Ukadzakula udzawauze a Gwakisa. Sindikufuna adzafe akuganiza kuti ndinawagulitsa."

Mawa lake anakwera lole ya ku Chilumba, ndipo tinamva kuti kumeneko anakwera sitima ya pamadzi yopita kumwera. Pamsika anthu anati mwaona, wathawa, wosalakwa sathawa.

Ukadzakula. Mawu amenewo ndinawakoka monga iwo ankakokera tayala latsopano. Nditamaliza pulayimale ndinati sindinakule. Nditakwatiwa ndinati ndidikire ndibereke. Nditatsegula shopu yanga yosoka, singano yokhota ili m'kabati, ndinati malume aiwala, ndiutsirenji chilonda. Koma sanaiwale. Njinga anaipachika kudenga mpaka inachita dzimbiri, ndipo sanakhalenso ndi mnzawo wochokera kumwera. Aphunzitsi ndi anamwino a kumwera ankabwera n'kupita, iwo moni wokha. Akaledzera ankati Mchewa usamadye naye mbale imodzi, ine n'kumawathirira tiyi.

Ndinawauza nditakwanitsa zaka makumi anayi, makadi a chipani atatha kalekale. Anali atakhala pakhonde akusenda chinangwa ndi dzanja lawo lopindika lija. Ndinagwada, n'kunena zonse, nthenga ya nkhuku, mawese a amayi, botolo la pa thabwa. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo ndinkafuna atatero. Iwo anaika mpeni pansi, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Anabwera ndi nthochi," anatero. "Ine n'kuyang'ana kukhoma." Kenaka anadzuka mwachangu ngati mnyamata. "Tenga pepala, Tumpale. Tiwalembere lero lomwe."

Ndinatenga pepala ndi envelopu. Kalata tinailemba, masamba awiri, malume akunena ine ndikulemba. Pofika pa envelopu ndinafunsa kuti ndilembe a Matiyasi ndani, a mudzi uti, mfumu yanji. Malume sankadziwa. Tinafunsa amayi, tinafunsa okalamba a pamsika, tinafunsa mpaka ku Wovwe kwa amene anakumba nawo ngalande. Aliyense ankawakumbukira bwino, Mchewa wa dazi uja, wa moni wosokoneza. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawafunsapo dzina la bambo awo. Zaka zonse zija akutipopera njinga, akudya nafe, ndipo sitinafunse.

Lero msewu ndi wa tala, ndipo pamene panali mango paja pali mashopu a mafoni. Njinga zachuluka kuposa kale, anyamata a kabaza ali ponseponse, tayala likatha amangogula lina n'kutaya lakale m'ngalande. Palibe amene angadikire masiku anayi kuti guluu agwire, ndipo ndikawauza zidzukulu kuti ndinkasoka matayala amaseka, amati agogo mwayamba. Akuti masiku ano munthu umatha kumupeza pa foni ngakhale ali kutsidya kwa nyanja, bola udziwe dzina lake lonse.

Malume anamwalira zaka zisanu zapitazo. Sanafe akuganiza kuti anagulitsidwa, chimenecho chokha ndinakwanitsa. Koma a Matiyasi, kulikonse kumene anakagona, sanamve kuti uthenga wawo unafika. Kalata ija ndili nayo m'kabati, pamodzi ndi singano yokhota. Sitampa tinamata kale. Pa envelopu palembedwa mawu awiri okha, A Matiyasi, ndipo pansi pake mpoyera.